Lendi, lizi, hayala ndi kubwereka: mafunso ndi mayankho

Mawu akuti lendi timawamva kawirikawiri moti ambiri timaganiza kuti tanthauzo lake ndi limodzi ndiponso lodziwikiratu. Komabe anthu awiri angathe kugwirizana pakamwa kuti wina achita lendi, n'kudzakangana patapita miyezi chifukwa aliyense ankatanthauza zake. Mafunso otsatirawa akukhudza mawu amene timatchulira mgwirizano wogwiritsa ntchito nyumba, munda, galimoto kapena katundu wina amene mwini wake ndi munthu wina. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho zimene zafotokozedwa pano ndi mfundo zikuluzikulu zokha, ndipo amene akufuna kusaina mgwirizano wa ndalama zambiri kapena wa zaka zambiri ayenera kuonananso ndi loya wa m'dziko limene katunduyo ali.

Kodi mawu akuti lendi amaimira ndalama kapena mgwirizano?

Amaimira zonse ziwiri, ndipo nthawi zina amaimiranso nyengo. Munthu akadandaula kuti lendi yakwera, akunena za ndalama zimene amapereka mwezi ndi mwezi. Akanena kuti amakhala m'nyumba ya lendi, sakunenanso za ndalama, koma akufotokoza kuti nyumbayo ili ndi mwini wake ndipo iye akukhalamo molipira. Chisokonezo chimabwera pa chiganizo ngati chakuti "lendi yatha". Wokhala m'nyumba angatanthauze kuti mwezi umene analipira wafika kumapeto ndipo akuyenera kulipiranso, pamene mwini nyumba, pomva mawu omwewo, angaganize kuti mgwirizano wonse watha ndipo ayambe kufunafuna munthu wina. Pocheza timazindikira tanthauzo chifukwa timadziwa nkhani imene ili pakati pathu, koma kalata ya mgwirizano idzawerengedwa ndi munthu amene panalibe pokambiranapo, mwina woweruza milandu. N'chifukwa chake m'kalatamo ndi bwino kulemba kuti "ndalama za lendi" ponena za malipiro, ndi "mgwirizano wa lendi" ponena za pangano lenilenilo.

Munthu akati "kubwereka", kodi amanena za wopereka kapena wolandira?

Mneni ameneyu amagwira mbali zonse ziwiri. M'chiganizo chakuti "ndabwereka njinga kwa mnzanga", wolankhulayo ndiye walandira, koma m'chiganizo chakuti "mnzanga wandibwereka njinga", mneni yemweyo akunena za wopereka. Palibe amene amasokonezeka nazo polankhula, popeza mmene chiganizo chakhalira zimasonyeza kumene njinga yachokera ndi kumene yapita. Chichewa chilinso ndi njira yochotsera chikayiko chonse: za mwini chinthu timati wabwereketsa, wachititsa lendi kapena wakongoza, pamene za wolandira timati wachita lendi kapena wakongola.

Vuto limeneli si la Chichewa chokha. M'Chifalansa mneni wakuti louer amagwira ntchito kwa mwini nyumba ndi kwa wokhalamo yemwe, pamene Chijeremani chimasiyanitsa mieten, kumene ndi kuchita lendi, ndi vermieten, kumene ndi kuchititsa lendi. Polemba mgwirizano, chinthu chothandiza kwambiri ndi kutchula koyambirira kuti mwini katundu ndi uje, wochita lendi ndi uje, kenako n'kumagwiritsa ntchito mayina awiri omwewo mpaka kumapeto, osawasintha pofuna kukometsa chiganizo.

Nanga kubwereka ndi kuchita lendi n'zosiyana bwanji, popeza konseku chinthu chimabwerera kwa mwini wake?

Kusiyana kwake kwagona pa malipiro, ndipo kusiyanaku n'kwakale kwambiri. Malamulo a Aroma, amene ndiwo muzu wa malamulo a mayiko ambiri a ku Ulaya ndi mayiko ena amene anatengera kumeneko, ankatcha kubwereka kwaulere commodatum, pamene kugwiritsa ntchito chinthu cha wina molipira ankakutcha locatio conductio. Sanasiyanitse zimenezi pongofuna kuchulukitsa mayina. Ankaona kuti wobwereka mwaulere ndiye yekha amapindula, choncho ayenera kusamala chinthucho koposa, pamene pa lendi onse awiri amapindula, motero udindo umagawidwa: mwini chinthu ayenera kuchipereka chili bwino ndi kuonetsetsa kuti chikugwirabe ntchito imene anagwirizana, ndipo wochita lendi ayenera kulipira ndi kuchisamala monga mmene munthu wanzeru amasamalira zake.

Maganizo omwewa akupezekanso m'malamulo a Mose. Pa Eksodo 22:14-15 akusiyanitsa chiweto chobwereka ndi chiweto cholipirira. Chobwereka chikavulala kapena kufa mwini wake palibe, wobwerekayo ayenera kulipira, koma chikakhala cholipirira, ndalama imene inaperekedwa ija ndiyo imakwirira kutayikako.

Pa nkhani ya nyumba kusiyanaku kumaoneka msanga. Wachibale amene mwamulola kukhala m'nyumba yanu osalipira kanthu wabwereka, ndipo m'mayiko ambiri alibe chitetezo chofanana ndi cha munthu wolipira lendi. Sangakukakamizeni kukonza denga, ndipo kawirikawiri mungathe kumupempha kuti achoke mutamupatsa nthawi yokwanira yokonzekera. Koma akayamba kukupatsani ndalama yokhazikika mwezi uliwonse, ngakhale nonse mukuitcha "yothokoza", khoti likhoza kuona kuti imeneyo ndi lendi ndipo ubale wanu pa nyumbayo wasintha. Mabanja ambiri amayambana pamenepa, chifukwa wina amakumbukira chifundo chimene anachita pamene winayo amakumbukira ndalama zimene anapereka.

Bwanji za ndalama timati kukongola, osati kuchita lendi?

Chifukwa chimene chimabwezedwa si chomwecho chimene chinatengedwa. Wochita lendi nyumba amabweza nyumba yomweyo, pamene wokongola ndalama kapena mbewu amazigwiritsa ntchito n'kuzimaliza, ndipo amabweza zina zofanana nazo mtundu ndi kuchuluka. Aroma ankatcha mgwirizano umenewu mutuum, ndipo ankati umwini wa chinthucho umapita kwa wokongolayo. Zotsatira zake n'zakuti ndalama za ngongole zikabedwa m'manja mwa wokongola, ngongoleyo ikadalipo yonse, pamene nyumba ya lendi ikawonongeka ndi mphezi kapena chivomezi, wataya katundu ndi mwini nyumba. Anthu amanenabe kuti "ndabwereka ndalama", ndipo palibe cholakwika polankhula, koma m'kalata mawu oyenera ndi ngongole, ndipo malipiro ake ndi chiwongoladzanja, osati lendi.

Kodi lizi ndi lendi ndi chinthu chimodzi?

M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku timazisiyanitsa. Lendi timaiona ngati ya nyumba kapena chipinda, yolipira pamwezi, imene ingathe kutha ndi notisi ya masabata ochepa, pamene lizi timaiona ngati ya malo, ya zaka zambiri, yokhala ndi mapepala osainidwa ndi olembetsedwa ku ofesi yoona za malo. Kwa azamalamulo mpata umenewu si waukulu chotero. Iwo amati lizi ndi mgwirizano uliwonse wopatsa munthu mphamvu yokhala pamalo a wina kwa nthawi yodziwika, kaya ndi mwezi umodzi kaya ndi zaka 99, ndipo lendi ndi ndalama imene amalipira pansi pa mgwirizanowo. Motero wokhala m'chipinda cholipira pamwezi ali ndi lizi yaing'ono ngakhale sanamvepo mawuwo, ndipo amene ali ndi lizi ya zaka zambiri amalipiranso lendi.

Kutalika kwa nthawi kumasintha zofunika kuchita. Mayiko ambiri amalola mgwirizano waufupi kukhala wapakamwa, koma amafuna kuti wa zaka zingapo ulembedwe ndi kulembetsedwa kuti aliyense wofuna kugula malowo adziwe kuti pali wina amene ali ndi mphamvu pamenepo. Ku England nyumba zambiri za m'midadada yosanjikizana zimagulitsidwa pa lizi ya zaka 99, 125 kapena 999. Mu 1759 Arthur Guinness anasaina lizi ya zaka 9,000 ya malo ofululirapo mowa ku St James's Gate mumzinda wa Dublin ku Ireland, pa mtengo wa mapaundi 45 pachaka. Lizi yotalika chonchi imafanana kwambiri ndi kugula, komabe dzina lake likadali lizi chifukwa pepala likunena tsiku limene idzathe.

Ngati ndili ndi lizi ya zaka 99, kodi malowo si anga?

Chanu ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo kwa zaka zimenezo, ndipo ufuluwo ndi katundu weniweni: kawirikawiri mungathe kuugulitsa, kuusiyira ana anu kapena kuupereka ngati chikole ku banki, malinga ndi zimene mgwirizano ukulola. Koma nthakayo ili ndi mwini wake, kaya ndi boma kaya ndi munthu, ndipo zaka zikatha imabwerera kwa iye pokhapokha lizi itawonjezeredwa. M'malamulo a mayiko ambiri nyumba yomangidwa pamalo imatengedwa ngati gawo la malowo, choncho funso lakuti nyumba imene mwamanga idzakhala ya yani lizi ikadzatha liyenera kuyankhidwa m'kalata musanaike njerwa yoyamba.

Zaka 99 zimamveka ngati muyaya pa tsiku losaina, koma zimatha. Mu 1898 dziko la Britain linatenga dera la New Territories, moyandikana ndi chilumba cha Hong Kong, pa lizi ya zaka 99 kuchokera ku China. Nthawiyo itayandikira kutha, zinaoneka kuti mzindawo sungagawidwe pakati, ndipo pa 1 Julaye 1997 Hong Kong yense anabwerera m'manja mwa China. Zomwezo zimachitika pa malo a munthu wamba: lizi imene yatsala ndi zaka zochepa imatsika mtengo, ndipo mabanki amazengereza kuilandira ngati chikole. Wogula azifunsa zaka zimene zatsala, osati zimene zinalembedwa pachiyambi.

Palinso ndalama ya chaka ndi chaka imene wokhala ndi lizi amalipira kwa mwini nthaka, yomwe ena amaisokoneza ndi msonkho wa khonsolo. Msonkho umalipidwa chifukwa cha ntchito za boma, pamene lendi ya nthaka ndi umboni wakuti nthakayo ndi ya wina. Nthawi zina ndalamayi imakhala yongosonyeza chabe. M'malamulo a ku England muli mwambo wakale wolemba kuti lendi ndi njere imodzi ya tsabola pachaka, ndipo lamulo la mu 2022 linati lendi ya nthaka pa malizi atsopano aatali a nyumba zokhalamo ku England ndi ku Wales isapitirire pamenepo.

Nanga hayala ikulowa pati?

Mawu akuti hayala timawagwiritsa ntchito kwambiri pa katundu wosunthika ndiponso wa nthawi yochepa, monga galimoto, mipando, matenti kapena makina. Chimene chimasiyanitsa kwambiri hayala ndi lendi n'chakuti nthawi zambiri hayala imabwera ndi munthu. Wotenga galimoto ya hayala pamodzi ndi dalaivala wake walipira chinthu ndi ntchito ya munthu nthawi imodzi, ndipo galimotoyo ikachita ngozi chifukwa cha kusasamala kwa dalaivalayo, mlandu kawirikawiri umapita kwa amene anamulemba ntchito. Koma amene watenga galimoto yokha n'kumayendetsa yekha wasenza udindo waukulu. Aroma ankaika zonsezi pansi pa dzina limodzi lija la locatio conductio, kenako akatswiri a malamulo anadzaligawa patatu: kulipira chinthu, kulipira ntchito ya munthu, ndi kulipira ntchito yomalizidwa monga kumanga nyumba.

Makampani a ndege amasiyanitsa zimenezi mosamala kwambiri. Pa mgwirizano umene amautcha wet lease, ndege imabwera ndi oyendetsa ake, okonza ndi inshulansi, pamene pa dry lease imabwera ndege yokha ndipo zina zonse amaona ndi wolandirayo.

Kodi kuchita lendi munda n'chimodzimodzi ndi kuchita lendi nyumba?

Mawu ndi omwewo koma ufulu wake ndi wosiyana. Wochita lendi nyumba amalipira kuti akhalemo basi, pamene wochita lendi munda amalipira kuti atengemo zokolola. Malamulo a ku Germany, amene anayamba kugwira ntchito mu 1900, anapatsa zinthu ziwirizi mayina osiyana: Miete ndi kugwiritsa ntchito chabe, ndipo Pacht ndi kugwiritsa ntchito pamodzi ndi kutenga phindu limene chinthucho chimabala, monga pa munda, dziwe la nsomba kapena malo odyera amene ali kale ndi zipangizo zake. Ife tilibe mawu awiri otere, choncho mgwirizano wa munda uyenera kunena momveka zimene mawu akuti lendi sakunena. Kodi zipatso za mitengo imene inalipo kale ndi za yani? Kodi wolimayo angadule mitengo, kuumba njerwa kapena kukumba mchenga? Kukolola mbewu ndi kutenga phindu la munda, koma kukumba dothi n'kuligulitsa ndi kudya mundawo, ndipo chilolezo cha choyambacho sichipereka chilolezo cha chachiwiricho. Nthawi yakenso iyenera kutsatira nyengo ya ulimi, kuti mgwirizano usathe mbewu zili m'munda.

Malipiro a munda sakhala ndalama nthawi zonse. Kwa zaka mazana ambiri alimi a pakati pa dziko la Italy ankalima pansi pa dongosolo lotchedwa mezzadria, limene mwini munda ndi wolima ankagawana zokolola pakati, mpaka lamulo la mu 1964 linaletsa mapangano atsopano a mtundu umenewu. Kum'mwera kwa United States, ukapolo utathetsedwa mu 1865, mabanja ambiri a anthu amene anali akapolo analowa m'mapangano ogawana thonje ndi eni minda, ndipo ambiri anakodwa m'ngongole zosatha. Kugawana zokolola kuli ndi ubwino wakuti chaka cha chilala onse awiri amagawana kutayako, koma kumakhala koopsa ngati mwini munda ndiye yekha amene amasunga kaundula wa ngongole ndi kuika mtengo wa zokolola.

N'chifukwa chiyani mawu akuti tenanti amamveka mosiyana kwa anthu osiyana?

Kwa mwini nyumba, tenanti ndi munthu wolipira lendi. Kwa amene anakulira m'maesiteti a fodya ku Malawi, tenanti ndi mlimi amene amapatsidwa gawo la munda, feteleza ndi chakudya pa ngongole, n'kulima fodya amene ayenera kumugulitsa kwa mwini esiteti yekha, ndipo amalandira zotsala ngongole ija itachotsedwa kumapeto kwa nyengo. Woyambayo amalipira kuti akhale, pamene wachiwiriyo kwenikweni ndi wantchito amene dzina lake likumveka ngati la wochita lendi. Dzinalo linali ndi ntchito yake, chifukwa munthu akatchedwa tenanti sankawerengedwa ngati wolembedwa ntchito woyenera malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo mkazi wake ndi ana ake ankalowa m'munda popanda malipiro awoawo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa dongosolo limeneli.

Mbiri ya mawu akuti thangata ikusonyeza zomwezo mowawa kwambiri. Poyamba mawuwa ankanena za kuthandizana pa ntchito. M'nthawi ya atsamunda, azungu amene anatenga malo aakulu kum'mwera kwa Nyasaland anawasandutsa dzina la ntchito imene anthu okhala pamalowo ankayenera kugwira m'malo mwa lendi, mwezi umodzi kapena iwiri pachaka, ngakhale eni maesiteti ena ankaitalikitsa mmene afunira. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu Januwale 1915. Lamulo la mu 1928 linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama kapena zokolola m'malo mwa ntchito, koma thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ambiri mwa anthu amene ankalipira lendi imeneyi sanasainepo mgwirizano uliwonse, ndipo ena anali pamalo amene makolo awo ankalima azunguwo asanabwere.

Ngati pamwamba pa kalata palembedwa kuti "chilolezo chokhala", kodi ndiye kuti si lendi?

Makhoti a m'mayiko ambiri amayang'ana zimene zili m'kati mwa mgwirizano, osati mutu wake. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi ndi wa Street v Mountford, umene unagamulidwa mu 1985 ndi House of Lords, limene panthawiyo linali khoti lalikulu koposa ku Britain. Mwini nyumba analemba mgwirizano n'kuutcha chilolezo chabe, pofuna kuti wokhalamo asatetezedwe ndi malamulo a lendi, ndipo wokhalamoyo anasaina kuti akuvomereza zimenezo. Khoti linagamula kuti popeza munthuyo anapatsidwa zipinda kuti azikhalamo yekha, kwa nthawi yodziwika, pa malipiro okhazikika, umenewo unali mgwirizano wa lendi kaya autche dzina lanji. Mmodzi mwa oweruza a mlanduwo, Lord Templeman, anayerekeza kuti chida chokumbira cha mano asanu ndi foloko, ngakhale wochipangayo ataumirira kuti wapanga fosholo.

Chizindikiro chachikulu ndi mphamvu yotsekera ena kunja. Wochita lendi ali ndi ufulu woletsa aliyense kulowa, ngakhale mwini nyumba amene, kupatula pa zifukwa zimene mgwirizano kapena lamulo likulola, monga kudzakonza chowonongeka atadziwitsiratu. Mlendo wa mu hotela, kapena munthu wogona m'chipinda cha m'nyumba imene mwini wake amakhalamonso ndipo amalowa kudzasesa ndi kusintha zofunda, alibe mphamvu imeneyi. Iye walipira malo ogona ndi chisamaliro, ndipo kumuchotsa sikufuna ndondomeko yaitali ngati ya wochita lendi. Eni nyumba ambiri amaiwala mfundoyi n'kumaganiza kuti kusunga kiyi wachiwiri kumawapatsa ufulu wolowa nthawi ina iliyonse.

Kampani ikanena kuti ikupatsani galimoto pa lizi ndipo idzakhala yanu mukamaliza kulipira, kodi ndi lendi kapena kugula?

Ndi kugula pa ngongole kumene kwalembedwa ngati lendi, ndipo cholinga chake ndi kuteteza wogulitsa. Umwini umakhalabe wa kampani kapena banki mpaka malipiro omaliza, choncho mukalephera kulipira pakati, angathe kudzatenga galimotoyo ngati yawo, ndipo inu simungaigulitse musanamalize. Musanasaine funsani ngati umwini udzabwera kwa inu wokha pamapeto kapena pakufunika ndalama ina yowonjezera, amene azilipira inshulansi ndi kukonzetsa, ndiponso chimene chidzachitikire ndalama zimene mwapereka kale ngati mwalephera kupitiriza. Phatikizaninso malipiro onse kuti muone kusiyana kwake ndi mtengo wogulira nthawi imodzi, chifukwa kusiyanako ndiko chiwongoladzanja chimene mukulipira ngakhale pepala silikuchitchula.

Akatswiri owerengera ndalama anazindikira kalekale kuti lizi yaitali imalemera pa kampani mofanana ndi ngongole. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, muyezo wa padziko lonse wotchedwa IFRS 16 umafuna kuti makampani aziika malizi awo ambiri m'mabuku monga katundu mbali imodzi ndi ngongole mbali inayo, kupatula malizi osapitirira miyezi 12 ndi a zinthu zotsika mtengo.

Kodi dipoziti ndi gawo la lendi?

Ayi. Lendi yolipiriratu ndi malipiro a miyezi imene ikubwera, ndipo ikaperekedwa yakhala ya mwini nyumba. Dipoziti ndi chikole chimene chimasungidwa kuti chilipire zowonongeka kapena lendi yotsalira, ndipo ngati palibe cholakwika iyenera kubwezedwa potuluka. Kutha kwa zinthu chifukwa cha kukalamba, monga penti kuzimiririka, sikuwerengedwa ngati kuwononga. Lisiti lililonse lizinena ngati ndalamayo ndi lendi kapena dipoziti, chifukwa patapita zaka ziwiri palibe amene amakumbukira bwino.

Akatswiri a zachuma akamanena za lendi, bwanji samveka ngati akunena za nyumba?

Iwo anatenga mawuwa n'kuwapatsa tanthauzo lapadera. Mu 1817 David Ricardo anafotokoza kuti minda imasiyana chonde, ndipo anthu akachuluka, alimi amakakamizika kulima ngakhale nthaka yosabereka bwino. Mtengo wa tirigu umayenera kukwera mpaka wolima pa nthaka yoipitsitsayo apeze pobwezera zimene wawononga, ndipo zikatero wolima pa nthaka yachonde amatsala ndi phindu lowonjezera limene silinachokere ku khama lake. Alimi akamapikisana kuti apeze nthaka yabwinoyo, phindulo limathera m'manja mwa mwini nthaka ngati lendi. Mfundo yake inali yakuti tirigu sakwera mtengo chifukwa cha lendi, koma lendi imakwera chifukwa tirigu wakwera mtengo.

Kuchokera pamenepo, azachuma amatcha lendi phindu lililonse limene munthu amapeza chifukwa chogwira chinthu chosowa, kaya ndi mgodi, kaya ndi malo a pakati pa mzinda, kaya ndi chiphaso chimene ena sangachipeze. Mu 1974 Anne Krueger, pofufuza za ziphaso zoitanitsira katundu kunja m'mayiko a India ndi Turkey, anatchukitsa mawu akuti rent-seeking, onena za khama limene anthu amawononga pofuna kukonderedwa ndi boma m'malo mopanga chinthu chatsopano. Womasulira nkhani ya zachuma akangolemba kuti "kufunafuna lendi", owerenga adzaganiza za mwini nyumba amene akugogoda pachitseko kumapeto kwa mwezi. Ndi bwino kulifotokoza ganizolo m'mawu athunthu, monga kufuna phindu kudzera m'kukonderedwa.

Kodi wochita lendi angachititsenso lendi kwa munthu wina?

Zimadalira mgwirizano ndi malamulo a dziko, koma nthawi zambiri pamafunika chilolezo cha mwini nyumba. Pali njira ziwiri zimene anthu amazitcha dzina limodzi. Pa yoyamba, wochita lendi amalowetsa munthu wina n'kumalandira ndalama kwa iye, koma iye mwini amakhalabe womangidwa ndi mgwirizano woyamba, moti wolowetsedwayo akaswa zenera kapena akalephera kulipira, mwini nyumba adzafunsa amene anasainirana naye. Pa yachiwiri, wochita lendi amasamutsira mgwirizano wonse kwa munthu watsopano n'kuchokamo. Amene akulowa kudzera m'njira yoyamba adziwe kuti ufulu wake sungapose wa amene wamulowetsa, ndipo mgwirizano woyamba ukatha, wakenso kawirikawiri umathera pomwepo.

Nyumba ikagulitsidwa, kodi lendi imathera pomwepo?

Yankho lake limadalira mmene dziko limaonera lendi: ngati pangano la anthu awiri okha, kapena ngati ufulu womatirira pa nyumbayo. M'malamulo a Aroma linali pangano chabe, choncho wogula ankatha kutulutsa wokhalamo, ndipo wotulutsidwayo ankangotsala ndi mwayi wosumira amene anamuchititsa lendi kuti amupatse chipukutamisozi. Mayiko ambiri anasiya njira imeneyi. Ku Germany lamulo limati wogula nyumba yokhalamo amalowa m'malo mwa mwini wakale pa mgwirizano wa lendi, ndipo ku South Africa makhoti amatsatira mfundo yochokera ku malamulo akale a Chidatchi yakuti huur gaat voor koop, kutanthauza kuti lendi imatsogola, kugula kumatsatira.

Kumene mfundo imeneyi imagwira ntchito, wogula amayamba kulandira lendi koma amasenzanso maudindo a mwini wakale mpaka nthawi ya mgwirizano itakwana. Chitetezochi nthawi zambiri chimafuna kuti wochita lendi akhale kuti analowa kale m'nyumbamo, kapena kuti lizi yake yaitali inalembetsedwa, ndipo wobwereka mwaulere sachipeza. Wogula nyumba imene muli munthu ayenera kupempha kalata ya mgwirizano asanalipire, afunse ngati pali miyezi imene inalipiriridwa kale, ndiponso adziwe amene akusunga dipoziti, chifukwa wokhalamoyo potuluka adzaifuna kwa mwini nyumba amene adzakhalepo pa tsikulo.